Pansi pa Galimoto ya Maliro a Bambo

Anthu akandifunsa kuti tinayenda bwanji ndi maliro a bambo kuchokera ku Blantyre, ndimangoti tinafika. Mawu akuti tinayenda bwino ndinawasiyira abambo aakulu, a Benedikito, poti ndiwo anaimirira kumanda n'kuwanena pagulu, maso ali gwa.

Bambo anamwalirira ku Bangwe, kunyumba kwa mlongo wawo, azakhali anga a Felista. Anapita kumeneko mvula isanayambe kuti azikaonana ndi madokotala, ine n'kuwatsatira, mwana wanga Tadala ali kumbuyo, kuti ndikawadwazike. Amayi sakanatha kupita. Chiwagwirireni matenda ofa ziwalo, kuchoka pamphasa kukafika pakhonde kwa iwo ndi ulendo. Nditawaimbira foni kuwauza za imfa sanalire. Anangoti, "Rozina, ubwere nawo ndidzawaone nkhope. Tsiku limene ankachoka lija sindinawayang'ane bwino."

Ndinawalonjeza.

Abambo aakulu anafika pa basi m'mawa mwake, monga mwini maliro. Azakhali anati thupi lipite kaye kuchipatala akalithire mankhwala oti lisawonongeke msanga, pakuti linali litagona kale m'nyumba. Abambo aakulu anakana.

"Mng'ono wanga amubaya mokwanira ali moyo," anatero. "Tikanyamuka mbandakucha, dzuwa likamafika paliwombo tili kwathu."

Galimoto tinapeza ya a Luka a ku Lobi, amene anabweretsa mbatatesi ku Limbe ndipo ankabwerera opanda katundu. Inali pikapu yakale, ya zitsulo ndi lona kumbuyo, ija imakoka ndi matayala onse anayi njira ikavuta. A Luka anafika tambala asanatsike, n'kumangirira nthambi ya masamba kutsogolo. Bokosi tinakweza. Abambo aakulu kunalibe. Anali atapita kumsika kukadikira a kaunjika kuti atsegule, ati nsapato zimene anabwera nazo zinali zong'ambika ndipo mwini maliro sangalankhule kumanda zala zili pamtunda. Tinanyamuka ana asukulu ali kale m'kalasi.

Iwo anakhala kutsogolo. Ine ndi azakhali tinakhala kumbuyo, wina mbali iyi ya bokosi, wina mbali iyo. Pa Zalewa apolisi ataona masamba anangotikodola kuti tidutse. Kuchokera pamenepo mpaka Phalula kunatentha ngati tili mu uvuni wa njerwa. Lona unkati ukaligwira, dzanja n'kulichotsa msanga. Tadala anayamwa mpaka kutopa, n'kuyamba kulira kosadziwika chifukwa. Ndinavula chitenje chimodzi, n'kuchinyowetsa ndi madzi athu akumwa, n'kufunditsa bokosi. Azakhali anayamba nyimbo ya kutchalitchi koma inawaumira pakhosi.

Pa Chingeni a Luka analipira pageti, tinadutsa. Pa Ntcheu dizilo kunalibe. Mzere wa galimoto unali utazungulira mpaka kuseri kwa masitolo, madalaivala atagona pansi pa mitengo. Wina anatilozera kwa munthu wogulitsa dizilo wa m'zigubu. Mtengo umene anatchula unachititsa a Luka kuimba mluzu, koma anali atagwira kale m'thumba. Abambo aakulu ndiwo anati ayi, sitiberedwa tili pachisoni. Ananenerera ngati akugula ng'ombe. Ankachoka, n'kubwerera, n'kuchokanso. Galimoto ili padzuwa.

Pa Lizulu anaimitsanso, ati tigule kabichi ndi anyezi za anthu a pamaliro, ngati kwathu kabichi sitilima. Azimayi ogulitsa atazinga galimoto, ine ndinamva fungo la chinthu chopserera kuchokera pansi. Ndinawauza a Luka. Anawerama, n'kudzuka akupukuta manja.

"Ikudontha oyilo pang'ono, amake Tadala. Ifika."

Titayamba kukwera cha ku Bembeke mphepo yozizira inalowa mu lona, mtima wanga n'kukhalako pansi. Pa boma la Dedza amuna anga anaimba foni. Anati adzukulu amaliza kukumba kalekale, a kwaya aimba mpaka mawu asasa, ndipo amayi awakhazika pamphasa m'nyumba ya siwa, akungoyang'ana kukhomo. Ndinati tatsala pang'ono.

Tinasiya phula n'kulowa msewu wa ku Mphunzi. Kumeneko mvula inali itagwa usiku wonse. Pa chitunda china matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamodzimodzi, akutiponyera matope. A Luka anakoka kandodo kakang'ono kamene kamakhala pafupi ndi giya. Pansi panamveka phokoso ngati chigayo chameza mwala, kenaka kugunda kumodzi kumene ndinakumvera m'mafupa a m'chiuno. Galimoto inaima. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Injini inkalira bwinobwino koma matayala anali atauma.

A Luka anaika miyala kumatayala, n'kugwada m'matope kusuzumira. Anatenga nthawi.

"Ndi thiransifa," anatero. Ataona kuti tikungowayang'ana anafotokoza. "Kuseri kwa giyabokosi kuli kabokosi kena kamene kamagawira mphamvu kumatayala akutsogolo. M'kati mwake muli tcheni. Oyilo anatha, tcheni chaduka, chadzipiringiza m'mano. Tikakachotsa kabokosiko n'kutulutsa tchenicho, tikhoza kuyenda ndi matayala akumbuyo okha."

"Ndiye chotsani," anatero abambo aakulu.

"Titsitse kaye bokosi."

"Bokosi liti?"

"Bambo, akazi anga ndi oyembekezera. Kuyendetsa ndayendetsa, koma kugona pansi pa maliro sindingathe. Mukudziwa nokha."

Abambo aakulu anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Maliro akagunda pansi ndiye kuti afika. Mukufuna mng'ono wanga atsale pa chitunda cha eni ake? Azidzaima panjira pano kudikira galimoto?"

"Tiyala lona."

"Lona si dothi? Pansi pa lona pali chiyani?"

"Ndiye lowani inu, ine ndizikuuzani pomasula."

"Ine msana. Ndiponso galimoto ndi yanu. Munavomera maliro, mkazi woyembekezera munali naye kale."

Anthu a m'midzi ya pafupi anayamba kufika. Mayi wina, mwini munda wa nyemba umene unali m'mbali mwa msewu, anatibweretsera madzi m'ndowa, n'kugwada kutipepesa bwinobwino. Ponyamuka anati, "Koma ngati n'kutsitsa, musatsitsire mbali ino." Amuna amene analipo atafunsidwa ngati wina angalowe pansi, aliyense anapeza poyang'ana. Kunabwera lole ya njerwa, dalaivala n'kuti abwana ake salola maliro. Foni ya amuna anga inkalowa n'kuduka, ndipo kumudzi kwathu kulibe wina wa galimoto.

Ine ndine munthu wopirira. Ndinadwazika bambo miyezi yonse ija osadandaula, ndimatha kukhala pamzere wa kusikelo kuyambira m'mawa mpaka masana osatukwana munthu. Choncho ndinakhala chete, ndikuyamwitsa, ndikumva amuna awiri akubwereza mawu omwewo. Wina akuti tsitsani, wina akuti lowani. Anakumbutsana za agogo awo. Anafika mpaka pa nkhani yoti abambo mfumu amati chiyani pa zikhulupiriro zotere, ndipo aliyense anapeza kuti chikhulupiriro cha mnzakeyo ndiye chachikunja. Mthunzi wa galimoto unachoka pansi pake n'kuwoloka msewu.

Kenaka pa chitenje chimene ndinafunditsa bokosi panatera ntchentche yobiriwira. Ndinaiingitsa. Inabwerera ndi inzake. Ndinayang'ana azakhali, iwo n'kuyang'ana kumbali.

Ndinamasula Tadala n'kuwapatsa. Ndinamanga chitenje ngati thewera, n'kutsika.

"A Luka, ndipatseni sipanala."

"Iwe Rozina," anatero abambo aakulu, "ndiwe woyamwitsa. Ukalowa pamenepo mkaka uwonongeka, mwana adzatupa."

"Lowani inu."

Anayang'ana nsapato zawo zatsopano.

"Ndiye ndipatseni njira. Amene ali pamwambapo ndi bambo anga. Sanandipwetekepo ali moyo."

Ndinayala thumba la mbatatesi lopanda kanthu n'kulowa chagada. Matope anandizizira kumsana nthawi yomweyo. Pansi pa galimoto ndinali ndisanalowepo chibadwire. Zonse zinali zofanana, zakuda, zotentha, zili pafupi ndi mphuno. A Luka ananyonyomala pambali, mutu wawo osadutsa m'mphepete mwa galimoto ngakhale pang'ono, akuloza ndi kamtengo.

"Icho chonenepacho ndi giyabokosi, chisiyeni. Ichi chakumbuyo kwake ndiye chathu. Yambani ndi bawuti lapansilo, oyilo atuluke. Muli ndi potchera?"

Tinakhuthula matewera a Tadala m'beseni. Bawutilo linakana. A Luka anandipatsa paipi yoti ndilowetse ku sipanala kuti italike, ndinaponda ndi phazi, linalira n'kumasuka. Oyilo amene anatuluka sakanadzaza kapu. Anali wakuda, wotentha, wa timchenga tachitsulo, ndipo theka lake linatsikira m'khwapa mwanga.

Kenaka mashafuti, mipini iwiri yachitsulo imene imachoka pa kabokosiko, wina kupita kumatayala akutsogolo, wina akumbuyo. Wakutsogolo sunavute kwambiri. Wakumbuyo umathera pansi penipeni pa bokosi la maliro. Ndinakwawa ndi msana mpaka pamenepo. Pakati pa nkhope yanga ndi bambo panali chitsulo chimodzi ndi thabwa. Fungo limene ndinkadzinamiza kuti ndi la kabichi, pamenepo silinabisike.

Ndinanong'ona kuti, "Bambo, ndi ine. Pirirani pang'ono."

Sipanala inaterereka, chala changa n'kukagunda chitsulo, khungu n'kusendeka. Ndinatukwana mawu amene sindinawatchulepo pamaso pa bambo. Azakhali anandimva.

"Tukwana, mwana wanga," anatero. "Ukatopa undiuze ndikulandire, mayina ndili nawo."

Mabawuti ndinkaponyera panja, a Luka n'kumatolera m'kapusi yawo. Anandiuza kuti ndizule kawaya kamene kamapita ku wotchi ya liwiro. Anandikankhira jeke ndi phazi kuti nditchinjirize giyabokosi isagwe. Iwo analowa kutsogolo, kumene ati si pansi pa maliro, kukazula kandodo kaja, fumbi la zaka zonse n'kundikhuthukira m'maso. Tadala anayamba kulira. Mawere anamva, mkaka n'kuyamba kutuluka wokha, kusakanikirana ndi oyilo pa bulauzi. Sindikanatha kum'gwira ndi manja amenewo.

Mabawuti ozungulira pamene kabokosi kamalumikizana ndi giyabokosi ndinawamasula limodzilimodzi mpaka onse amene ndinkawaona anatha. Ndinakoka. Sikanasunthe. Ndinakokanso mpaka m'maso munachita mdima.

"Mwaona?" anatero abambo aakulu kwa anthu aja. "Si chitsulo ichi. Akukana. Pali chimene chawakwiyitsa."

Ndinaona nsapato zawo zatsopano zikuzungulira kupita kumbuyo kwa galimoto, akuponda mosankha pouma. Anayamba kulankhula ndi bokosi. "Mng'ono wanga, ngati pali amene anakulakwira, khululuka. Ngati ndi ana akowa, ndi ana." Ine ndili chagada m'matope, magazi ali kuchala, akundipepesera kwa bambo anga.

"Amake Tadala," anatero a Luka motsitsa mawu, "lilipo lina pamwamba. Silioneka. Pisani dzanja kuseri, mufufuze ndi zala."

Ndinapisa mpaka phewa. Ndinapeza chibuma cha dothi louma, ndinachikanda ndi zikhadabo, m'kati mwake munali mutu wa bawuti. Malo ake anali ochepa moti sipanala inkangoyenda pang'ono, n'kuichotsa, n'kuikanso. Dzanja linachita dzanzi. Pamene linkatuluka, abambo aakulu anali asanamalize kupepesa.

"Tsopano musakagwedeze m'mwamba ndi pansi," anatero a Luka. "Pakati pali mpini wa mano, mukaupinda tagona pano. Kakokereni kumbuyo molunjika. Koma n'kolemera, nokha kakuphwanyani chifuwa."

Ndinamva azakhali akuti, "Achimwene, gwirani mwanayu."

"Ine? Ndavala jekete."

"Jekete ndiye limene latsala kugwira ntchito lero. Gwirani."

Azakhali analowa akukwawa ndi mimba, akubuula, munthu wamkulu wa zidzukulu, duku lili pambali. Anagona pafupi nane, phewa kuphewa.

"Ukanena kuti tiye, ndikoka," anatero. "Ndikafera pano musanditsitse, mungondiponya pamwambapo."

Ndinaseka koyamba chimwalirireni bambo. Tinakoka. Kanayamba ndi kamng'alu kopyapyala, kenaka kanatsetsereka n'kutigwera tonse awiri pamimba. Kanali kolemera ngati thumba la fetereza. Tinakagubuduzira pa thumba lija, a Luka n'kukoka nsonga yake ali panja.

Kutsegula kabokosiko ndi kutulutsa tcheni sikunawatengere nthawi. Chinatuluka chili zidutswa, n'kuchiponya m'munda wa nyemba uja. Ine ndinasamba m'manja ndi dothi ndi madzi a m'ndowa, n'kupukuta bere ndi nsonga ya duku la azakhali, mwana n'kuyamwa. Abambo aakulu ankapukuta jekete pamalo pamene Tadala anabwezera.

Kubwezeretsa kunavuta kuposa kuchotsa. Tinalowanso awiri, kabokosi tikukanyamula ndi mawondo, mano a mpini akukana kulumana. A Luka ankati tembenuzani pang'ono, bwererani, mwapitirira. Azakhali anawafunsa ngati mwana akubwerayo adzabadwe ndi sipanala m'manja, poti bambo ake amusungira mphamvu zambiri. Pomaliza kanalowa kokha ngati sikanavutepo. Ndinamanga mabawuti, lapamwamba lija pomalizira, ndi shafuti yakumbuyo. Yakutsogolo anaiponya pa kabichi. Oyilo anathira wa injini amene anali naye m'botolo, ine ndikugwirizira kapaipi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ntchito yonseyo, ya anthu awiri osadziwa kanthu, inali yaifupi kuposa mkangano uja.

Galimoto italira, amuna onse amene ankayang'ana kumbali aja anavula malaya n'kuyamba kukankha. Kukankha maliro kulibe mwambo woletsa. Anakankha ndi nyimbo mpaka pamwamba pa chitunda, abambo aakulu akuwalamula pawindo. Pa zitunda zina ziwiri tinatsika m'galimoto ine ndi azakhali n'kukankha tokha.

Tinafika dzuwa litakhala pamwamba pa phiri, mitambo ya mvula ikusonkhana. Azimayi anayamba kulira galimoto isanaime. Adzukulu ananyamula bokosi kulowa nalo m'nyumba, ine ndili pambuyo pawo, matope kuyambira kumutu. Amayi anali pamphasa pakona, atavala chitenje chawo chatsopano. Ataona bokosi anayamba kudzikoka ndi dzanja limodzi.

Mkulu wa adzukulu anatukula chivundikiro pang'ono, mbali ya kukhoma. Anayang'ana, n'kutseka.

"Zoona nkhope sizitheka," anatero.

Ndinagwada. Ndinati ndi amayi okha, ena onse atuluke. Ndinati ndinalonjeza.

"Mwana wanga," anatero motsitsa, "ndaika anthu ambiri. Amayi ako asawakumbukire chonchi." Anatembenukira kwa anzake. "Bweretsani misomali. Manda sagona otsegula, ndipo mvula iyo."

Amayi anafika pa bokosi msomali woyamba ukulowa. Sanakuwe. Anaika dzanja lawo labwinolo pa thabwa, n'kumalisuntha pamene hamala ikuyandikira, mpaka anasowa poliika.

Mapemphero anali achidule. Kumanda amayi sanapite. Kumeneko ndiye kumene abambo aakulu anaimirira, n'kuthokoza adzukulu, n'kuthokoza a kwaya, n'kuthokoza a Luka chifukwa cha luso lawo. Anati ulendo unali wautali koma tayenda bwino, kupatula kavuto kakang'ono panjira kamene tinathana nako mothandizana. Azakhali anandigwira dzanja n'kulifinya pachilonda pomwe. Ndikuganiza kuti anachita dala, kuti ndisatsegule pakamwa.

M'mawa mwake ndinawapititsira amayi madzi osamba kumaso. Chifikireni ndinali ndisanakhale nawo patokha, ndipo ndinkaopa. Ndinayamba kupepesa. Anandidula.

"Iwe unawaona?"

"Ndinawaona, amayi. Tisanatseke bokosi ku Bangwe."

"Khala apa. Undiuze. Uyambire kumutu."

Ndinakhala. Ndinawauza kuti imvi zinali zitafika mpaka kutsogolo. Kuti anaonda, masaya analowa, koma pamphumi panali posalala ngati munthu amene wagona atakhuta. Kuti kachipsera ka pachikope kaja kanali pomwepo. Ankamvetsera atatsinzina, akugwedeza mutu pa chilichonse. Ndinati ndevu nazo zinali zitayera mbuu.

Anatsegula maso.

"Ndevu? Bambo ako sanasungepo ndevu."

"Masabata omalizawa lumo linkawapweteka, amayi. Tinazisiya."

Anayang'ana madzi m'beseni.

"Ndiye apita nazo," anatero. "Mukanafika dzuwa lilipo, bwenzi nditawameta. Dzanja limodzili limatha."